Buku Lachinayi ndi Sutikesi ya Amalume

Pa chitseko cha furiji yathu ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, panali kapepala kamene ndinang'amba m'kabuku kotsatsa malonda ka sitolo ya mabuku achikhristu. Kanali ndi chithunzi cha mtsikana ataima pa thanthwe, mphepo ikumuulutsa tsitsi, ndipo m'munsi mwake analembamo m'Chingerezi kuti bukulo likutuluka posachedwa. Ndinakapanikiza ndi maginito ooneka ngati nanazi. Kanakhala pamenepo kuyambira masamba a mitengo akuyamba kufiira mpaka madzi a m'misewu atauma gwaa ndi chisanu, ndipo m'makona mwake munada ndi zala zanga. Ndinali ndi zaka khumi. Mawu oti posachedwa ndimadana nawo mpaka lero.

Amayi anali ndi lamulo limodzi pa nkhani ya mabuku, lakuti m'nyumba mwawo simulowa nkhani za amatsenga kapena za atsikana othamangira anyamata. Anzanga kusukulu ankawerenga chilichonse chimene maso awo agwerapo, koma ine ndinkaloledwa nkhani zopeka zokhazo zogula kusitolo ija m'tauni. Zambiri zinali zozizira ngati tiyi wadzulo. Mwana waba, mwana walapa, buku latha. Koma panali mndandanda umodzi wa mabuku umene unandilanda tulo. Unkanena za mtsikana wina, mwana wa mlaliki woyenda pa ngalawa kuchoka chilumba china kupita china. Tsiku lina ngalawayo inabwerera yokha, yopanda munthu. Mabuku atatu athunthu mtsikanayo ankafunafuna bambo ake, ndipo lachitatu linathera pa kalata yonena kuti pa chilumba china chakutali pali munthu woiwala dzina lake amene amaimba nyimbo imene bambowo ankaikonda. Lachinayi ndilo linali lomaliza, ndipo ndilo linali pa furiji.

Mabuku atatu oyambawo sanalinso m'nyumba mwathu. Lililonse ndikangolimaliza, amayi ankalikulunga m'jumbo n'kulipatsira aliyense wa kutchalitchi amene akupita kumudzi, kuti akapatse achemwali anga ku Ndirande. Achemwaliwo anandiposa ndi zaka zisanu. Pamene ife tinkabwera kuno ine ndili ndi zaka zitatu, iwo anatsala ndi amayi aang'ono, chifukwa bambo awo anali ena ndipo mapepala awo oti abwere kuno anakanidwa kawiri. Ine ndinkawadziwa ngati chithunzi cha mtsikana wa yunifolomu chimene chinali pamwamba pa wailesi ya kanema, komanso ngati mawu a pa foni tsiku la Mulungu.

Tikabwera kutchalitchi, amayi ankakanda khadi la foni ndi kandalama kachitsulo, n'kuimba manambala ambirimbiri, n'kuika foni pa tebulo kuti tonse tizimva. Poyamba macheza ake anali ouma. Sukulu ili bwanji, ili bwino. Ukudya, ndikudya. Koma mabuku aja atayamba kufika ku Ndirande, achemwali anamasuka pakamwa. Ankafotokoza nkhani yonse, mutu ndi mutu, ndipo amayi, amene sanawerengepo tsamba ngakhale limodzi chifukwa chotopa ndi ntchito yosamalira okalamba, ankafunsa mafunso mpaka khadi litatha. Ankaseka kuseka kumene ine sindinkakumva masiku ena asanu ndi limodzi. Ndinene zoona, ndinkachita nsanje. Mabuku anali anga, ndinayamba kuwerenga ndine, koma wondifunsa za mtsikana wa pa thanthwe panalibe.

Amayi analembetsa buku lachinayilo limodzi kusitolo, ndipo mayi wogulitsa, amene magalasi ake ankalendewera pa katcheni, anatiuza kuti tibwere kumapeto kwa mwezi. Tinakwera basi Loweruka, ine nditavala jekete yatsopano ngati ndikupita ku ukwati. Mayiyo anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti osindikiza achedwa, tibwere mwezi wamawa. Mwezi wamawawo anati chikuto chikukonzedwanso. Ulendo wachitatu sanayang'ane n'komwe pa kompyuta, anangondiona pakhomo n'kuyamba kupukusa mutu, kenaka anandipatsa kakhadi ka vesi koika pakati pa buku. Kakhadi koika m'buku, buku lake kulibe! Pobwerera kunja kunali kutada kale ngakhale inali folo koloko, mawindo a basi ali nthunzi yokhayokha, ndipo ndinakhala nditatupa ngati chule. Amayi anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha m'Chingerezi changa cha ku Glasgow, chimene iwo ankati chimamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, kuti ine maso a nkhono sindikuwafuna.

Pano ndine wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti buku kuchedwa miyezi itatu si maliro. Koma ndikakumbuka, mtima umandipsabe pang'ono, chifukwa likanatuluka pa nthawi yake sindikanachita zimene ndinachita. Ndikudziwanso kuti apa ndikungofuna woti ndimusenzetse katundu wanga.

Chaka chimenecho amalume, mchimwene wawo wa amayi amene ankakhala ku Shawlands, mbali ina ya Glasgow, n'kumagwira ntchito ya makompyuta, ankapita kumudzi kukadya Khirisimasi. Munthu wa kwathu akangotchula kuti wagula tikiti, amasanduka positi ofesi. Anthu a kutchalitchi anabwera ndi timaphukusi, wina nsapato za mwana, wina mafuta odzola, wina foni yakale, aliyense akuti n'kopepuka aka. Sutikesi anaibweretsa kwathu chifukwa amayi ndiwo ankadziwa kulongedza. Sabata yonse sikelo ya kubafa inali pabalaza. Amalume ankakwerapo atanyamula sutikesi, n'kutsika, n'kukweranso okha, akudandaula kuti zovala zawo zatsala malaya awiri basi. Ndege yawo inali ya Loweruka madzulo.

Lachisanu masana mayi wa magalasi uja anaimba foni. Amayi anadzera kusitolo pochokera kuntchito, ndipo ndinawapeza m'khitchini ali ndi buku lija m'manja. Linali lolimba, lovekedwa chikuto cha pepala chonyezimira chimene chimavuka, ndipo linkanunkhira inki ndi guluu. Anandilola kuligwira. Ndinaliika pamphuno, ndinasisita tsitsi la mtsikana uja, ndipo ndisanalitsegule anatambasula dzanja.

"Bweretsa. Ili lipita ndi amalume ako mawa."

Ndinati sindinawerenge. Anati akudziwa, ndipo afunsa kale lina, koma kusitolo anangolandira olembetsa okha, ena afika chaka chikayamba. Amalume akapita popanda bukulo, wina wopita kumudzi sadziwika kuti apezeka liti. Ndinalira, ndinaponda pansi, ndinawakumbutsa maulendo atatu a pa basi. Iwo anangotenga cholembera, n'kulemba kanthu m'kati mwa bukulo, n'kuyamba kulikulunga.

"Iwe uli ndi ine tsiku lililonse," anatero. "Mkulu wako ali ndi chiyani?"

Ndinayankha kuti munthu ameneyo sindimudziwa n'komwe. Ndinkayembekezera khofi, koma silinabwere. Amayi anadula tepi ndi mano, analemba dzina la achemwali pa jumbo, n'kukaliika pakati pa malaya awiri a amalume.

Loweruka m'mawa amayi ndi amalume anatsikira kusitolo ya pakona kukagula maswiti a ana a kumudzi, ndipo anandisiya pa tebulo ndi homuweki. Pa shelefu panali buku limene aphunzitsi anatipatsa kalasi yonse, lonena za sitima zapamtunda zimene kale zinkapangidwa ku Springburn konkuno. Linali lodzaza ndi zithunzi za mainjini akuda ndi amuna a zisoti. Sindinaliwerengepo. Ndinatsegula sutikesi, ndinamatula tepi pang'onopang'ono ndi chikhadabo, ndinavula chikuto chonyezimira n'kuveka buku la sitima. Chinakwana ngati telala anachita kuyeza. Ndinamatanso jumbo, ndinabweza malaya mmene analili, ndipo buku lenileni ndinalilowetsa kuseri kwa wodulopu. Sindinazengereze n'komwe, ndipo chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi kwambiri. Amalume atabwera anakweranso pa sikelo komaliza, anati zili bwino, ndipo tinapemphera titagwirana manja kuti katundu yense akafike kwa eni ake.

Ndinaliwerenga masiku awiri, ndikudzitsekera kubafa mpaka amayi anafunsa ngati ndatsegula m'mimba. Pa tsamba loyamba panali zolemba zawo, m'Chichewa chimene nthawi imeneyo ndinkachiwerenga movutikira. Analemba kuti, "Mwana wanga, mapepala tikuyesanso. Usatope nane." Ndinaona, ndinamva tanthauzo lake, ndipo ndinatembenuza tsamba.

Buku lenilenilo linandigwiritsa mwala. Munthu wa pa chilumba uja sanali bambo ake a mtsikanayo. Anali msodzi chabe amene anaphunzira nyimboyo kwa mlaliki asanamire. Mtsikanayo anapeza manda, analira, anapemphera, anabwerera kwawo n'kukayamba kuphunzitsa ana kuimba. Basi. Miyezi yonse ija ndinkadikira manda. Ndinaliponya pa matailosi mpaka kona yake inapindika, ndipo chopweteka kwambiri chinali choti panalibe munthu woti ndimudandaulire. Wakuba akaba chinthu chowola amangomeza malovu.

Kenaka mantha anayamba. Amalume anatumiza uthenga kuti afika bwino ndipo katundu wagawidwa. Khirisimasi ndinaidya ngati mankhwala. Foni ikalira ndinkathawira kuchipinda. Ndinakonza mabodza atatu, ndipo lomwe ndinalikonda linali loti mwina kusitolo ndiko anasokoneza. Tsiku la Mulungu lotsatira amayi anakanda khadi monga mwa nthawi zonse, n'kuika foni pa tebulo. Ine ndinakhala pansi nditatsamira chotenthetsera m'nyumba, msana ukupsa koma osasuntha.

"Buku lafika?" anafunsa amayi.

Foni za kumudzi zinkachedwa kubweza mawu, koma ulendo uwu zinachedwa kuposa masiku onse. Kumbali inayo kunkamveka wailesi ya aneba ndi mwana akulira.

"Lafika, amayi. Zikomo kwambiri."

"Waona zimene ndalemba m'katimo?"

"Ndaona."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Ndamva, amayi," anatero achemwali.

Amayi anapuma mpweya wautali, n'kukhala pa mpando. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa, loti nanga nkhani ija inatha bwanji, mtsikana uja anawapeza bambo ake? Ndinatseka maso. Ndipo achemwali anayamba kufotokoza, mosathamanga, monga ankachitira ndi mabuku ena aja. Anati munthu wa pa chilumba uja anali bambo ake enieni. Anati sanaiwale dzina lawo ngakhale la mwana wawo, anthu ankangowanamizira. Vuto linali loti pa chilumbapo panalibe mitengo, choncho zaka zonsezo ankatola matabwa amene nyanja inkalavula, limodzi limodzi, n'kumakhoma ngalawa. Kawiri konse ngalawayo inaphwasuka isanapite patali. Kachitatu inafika, ndipo anamupeza mtsikanayo pa thanthwe pomwe paja, n'kumutenga. Amayi anafunsa ngati mtsikanayo sanakwiye kuti bambo ake anachedwa. Achemwali anati ayi, m'bukumo sanafunse n'komwe, anangokwera.

Amayi anali atatseka pakamwa ndi kansalu kopukutira mbale. Mawu ojambulidwa a mzimayi wachingerezi analowerera kunena kuti pa khadi patsala mphindi imodzi, ndipo posakhalitsa foni inaduka. Mapepala aja anakanidwanso kachitatu, koma zimenezo ndinazimva nditakula.

Ndinapulumuka, ndipo kwa kanthawi ndinasangalala. Kenaka mkwiyo unabweranso, woposa wa pa basi uja. Ndinkafuna kuimirira n'kukuwa kuti si mmene imathera, kuti bamboyo anafa, kuti achemwali akunama pa nkhani ya buku lachikhristu ndipo amayi akuwakhulupirira. Koma ndikanati ndadziwa bwanji? Ndinangokhala pamenepo, msana uli moto, ndikuona amayi akupinda kansalu kaja kanayi n'kukafunyululanso. Sindinamvetse chifukwa chake munthu wolandira zithunzi za mainjini anathokoza, kapena chifukwa chake anavomera mawu amene sanawaone. Ndinaganiza kuti mwina mabukuwa alipo a mitundu iwiri, ndipo ine ndinagweredwa loipalo. Madzulo amenewo, amayi ali kukhitchini, ndinasolola buku kuseri kwa wodulopu n'kuyambiranso mutu womaliza, ndikulondola mzere uliwonse ndi chala, kufunafuna pamene ndinadumpha ngalawa ya matabwa otola.