Kukamwetsa Foni Kuphiri

Kwathu ndi ku Thyolo, koma nditalembedwa ntchito ya uphunzitsi ananditumiza ku Misuku, kumapiri a Chitipa. Ndinapita ndikulira, ndikulumbira kuti chaka chikangotha ndipempha transifa. Mpaka lero sindinapemphe, chifukwa ndinakwatiwa komweko ndi mlimi wa khofi, munthu wamtali, wamakani, wosachedwa kuseka, amene sukulu analekezera Folomu 2.

Ana athu atayamba kusewera okha, mtima unandiyabwa kuti ndichite digiri. Ndinalembetsa ku yunivesite ina, maphunziro aja ophunzira uli kwanu: umapita pa holide, amakuunjikira mabuku, kenako ubwerere kumudzi ukadzionere wekha. Chaka choyamba ndinakhoza zonse kupatula phunziro limodzi, la kaganizidwe ka ana. Anandiuza mosapsatira kuti ndilembenso, ndipo ndikalepheranso, basi, ndilongedze. Pamenepo n'kuti aphunzitsi anzanga atayamba kale kunditcha "a Digiri". Ndikaganiza zoti tsiku lina adzanditcha dzinalo akundiseka, chakudya sichinkatsika.

Sikuti ndinali mbuli. Vuto langa linali tulo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhonde, n'kufunda chitenje chifukwa ku Misuku kumazizira ngakhale masana, n'kutsegula buku. Ndisanafike pakati pa tsamba ndinali nditayamba kale kuwodzera ngati nkhuku yachitopa. Ndinayesa kumwa khofi wathu yemweyo, ndinagona ndi kapu m'manja. Ndinayesa kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira monga tinkachitira ku sekondale, ndinangopindula chimfine.

Laibulale ya yunivesite yathu inali ndi gulu la pafoni la ife ophunzira akutali. Amene ankayankha mafunso m'gulumo anali amayi ena ogwira ntchito mulaibulalemo, amene sindinkawadziwa nkhope, mawu okha. Gululo analikonza kuti tizifunsa za mabuku, koma ife tikapeza munthu womvetsera timamukhuthulira zonse. Wina anafunsa chochita ndi mphemvu zomwe zinkamudyera mabuku. Wina anafunsa ngati kuwerenga utakhuta kondowole kumalepheretsa nzeru kulowa. Mnyamata wina ankafuna buku lomuthandiza kuiwala chibwenzi chomwe chinamusiya mayeso atayandikira. Amayiwo ankayankha onse modekha. Wa chibwenziyo anamutumizira buku la nthano zoseketsa, n'kumuuza kuti akamaliza asambe, akaone anzake. Zina ankangoti, "Izi mukafunse kuchipatala, ife mankhwala tilibe."

Kunyumba kwathu netiweki kulibe, tili m'chigwa. Koma munda wa khofi wa amuna anga uli pamwamba, pafupi ndi nkhalango ya Mughese, ndipo kumeneko foni imagwira. Choncho m'mawa ndinkalemba mauthenga anga onse, iwo n'kukulunga foniyo m'jumbo kuopa mvula yamawawa, n'kukwera nayo. Akafika pamwamba mauthenga ankapita, mayankho n'kulowa. Ntchito imeneyi ankaitcha kukamwetsa foni. Akatsika ankandipatsa n'kunena kuti, "Ng'ombe yanu yamwa, amama."

Za tulo ndinkachita nazo manyazi. Mphunzitsi wamkulumkulu, wokalipira ana ogona m'kalasi, n'kukaulula pagulu kuti buku limamugonetsa? Koma mayeso ankayandikira, ndipo wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ndinafunsa.

Yankho linatsika masana omwewo, linali la mawu. "Aphunzitsi, musamawerenge chamumtima. Pezani munthu. Muwerenge ndime imodzi mokweza, mutseke buku, ndiye mumufotokozere m'chinenero cha pakhomo. Koma akhale munthu wovuta, wosavomera msanga. Palibe amene amagona ali mkati mokangana."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wovuta ndinali naye kale m'nyumba.

"Ine yayi," amuna anga anakana. "Chingerezi chinanithawa kale. Mukufuna munisekeko?"

"Bambo, Chingerezicho ndilimbana nacho ndine. Inu ntchito yanu ndi kutsutsa basi. Imeneyo simunailepherepo."

Anavomera chifukwa masana ankakhala pakhonde pomwepo, akusankha khofi wouma pa lichero. Anati makutu okha andibwereka, manja ayi.

Masiku oyamba ankangoti "enya, enya", kuvomera m'chinenero cha kwawo, maso ali pa lichero, ine n'kumayasamula. Zinthu zinasintha titafika pa nkhani ya mzungu wina wakale amene ankaliza belu asanapatse galu chakudya, mpaka galuyo anazolowera kuchucha dovu akangomva belu lokha. Amuna anga anaika lichero pansi.

"Mzungu ameneyu analibe munda?"

Ndinawafotokozera kuti nkhaniyo ikuphunzitsa mmene chizolowezi chimayambira, ngakhale mwa mwana. Iwo anati sangakhulupirire za galu wa ku Ulaya pamene galu tili naye pakhomo. Anapachika khasu lakutha pamtengo wa mapeyala, n'kumalimenya ndi mwala asanataye makombo. Pasanapite nthawi, khasu likangolira, ankabwera galu, nkhuku zonse, mbuzi ya aneba, ndi mwana wathu wamng'ono atanyamula mbale. Koma galuyo dovu sankachucha, ankangogwedeza mchira.

"Mwaona? Buku lanama," anatero.

"Silinaname, bambo. Galu wabwera kapena sanabwere?"

"Wabwera. Kweni dovu lili kuti?"

Tinakangana mpaka dzuwa linapendeka. Ndinabwerera m'mbuyo masamba, kufunafuna pomwe ndingawagwirire, ndinawerenganso, ndinafotokoza m'Chichewa, ndinapereka chitsanzo cha ana a Sitandade 1 amene amathamangira kumzere wa phala belu likalira. Nditadzuka kukasonkha moto ndi pamene ndinazindikira kuti mutu wonse wa bukulo ndaumaliza, osayasamula ngakhale kamodzi.

Kuyambira pamenepo khonde lathu linasanduka bwalo la milandu. Nthawi zina ankatsutsa zinthu zoonekeratu, dala, kuti andione ndikutukusira. Nthawi zina ankafunsa funso loti ine n'kusowa poyambira, ndiye tinkalitumiza kuphiri. Posakhalitsa anayamba kujambula okha mawu ali kumunda, n'kutumiza m'gulu. Anafunsa ngati agalu a ku Ulaya ali ndi dovu lambiri kuposa athu. Amayi a ku laibulale anawayankha mwaulemu, akuwatcha "bambo a khofi", ndipo anzanga a m'gulumo akaona kuti kwachita zii ankafunsa ngati bambo a khofi akudwala.

Tsiku la mayeso, nditatsegula pepala, funso loyamba linali la galu uja. Ndinamva mawu a amuna anga m'khutu akuti "yayi", ndipo ndinalemba ngati ndikuwayankha iwowo, mpaka dzanja linachita dzanzi. Komabe pobwerera, galimoto ikukwera mapiri athu aja mobuula, mantha anandigwira. Kulemba zambiri si kukhoza.

Mphekesera itamveka kuti zotsatira zatuluka, foni inakwera phiri monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo ana a m'kalasi mwanga anaphunzira zochepa. Nditaweruka ndinaima pakhonde, maso kunjira. Ndinawaona akutsika pang'onopang'ono, khasu paphewa, mutu uli pansi. Munthu amene amayamba kuseka akadali kutsidya, tsiku limenelo anafika pakhomo ali duu. Mumtima ndinali nditayamba kale kukonza zokanena kwa aphunzitsi anzanga.

Anandipatsa foni osanena za ng'ombe. "Mwakhoza, amama. Mwakhoza chomene."

Ndinayang'ana ndekha, zinali zoona. Ndinakhala pansi, ndinalira, ndinaseka, ndinathokoza Mulungu. Kenako ndinawakalipira. "Nanga nkhope yamaliroyo ndi ya chiyani? Mukufuna mundiphe?"

Anangotenga ndowa kupita kubafa. Ndinatsegula gulu la laibulale kuti ndilembe uthenga wothokoza, ndipo ndinapeza kuti iwo anali atalankhulamo kale ali kuphiri.

"Amama a laibulale, yewo chomene. Akazi wanga akhoza. Sono buku la galu latha. Ine masana nizichita vichi? Kulibe buku lina lovuta?"

Pansi pake panali yankho la amayi aja, akuseka. "Bambo a khofi, musadandaule. Mabuku a chaka chikubwerachi ndi otopetsa kuposa limenelo, aphunzitsi sangawamalize popanda inu."

Ndinamvera uthenga wa amuna anga kachiwiri, ndipo chisoni chinandigwira pakati pa chimwemwe chonsecho. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti akungondithandiza. Sindinkadziwa kuti munthu amene anachoka m'kalasi ali mnyamata anali atabwereramo, pakhonde pake pomwe, ndipo potsika phiri lija ankaona ngati sukulu yamutsekekeranso.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga buku lonenepa kwambiri pa mabuku a chaka chachiwiri, lomwe ndinali ndisanalikhudze. Atatuluka kubafa anandipeza ndakhala pamalo panga, mpando wawo ndaupukuta.

"Bweretsani lichero, bambo. Holide kulibe."

Anandiyang'ana, anayang'ana bukulo, n'kukatenga lichero. Ndinayamba kuwerenga ndime yoyamba. Ndisanatseke n'komwe buku kuti ndifotokoze, anali atakweza kale chala.

"Yayi, amama. Uyu nayenso wayamba ndi bodza."