Tsitsi la Azakhali pa Ukwati Wanga

Ntchito ya azakhali anga ndi kusakira kampani ya masaluni anthu odziwa kuluka tsitsi. Anzawo amaitanitsa masatifiketi. Iwo amangolowa m'kasaluni kalikonse, kumasula duku, n'kukhala pampando ngati kasitomala wamba. Woluka akawapweteka, amatsanzika mwaulemu. Akawagonetsa tulo, amamulemba ntchito. Tsitsi lawo laona zambiri, moti kunyumba timayamba kuseka tisanawapatse moni.

Umu ndi mmene anapezera mtsikana wina amene tonse timamutcha Zala. Ankalukira pansi pa masitepe a shopu ya nsapato, ndi galasi lobenthuka ndi chipeso chimodzi. Azakhali akuti anadzidzimuka dovu lili pachibwano, mutu utatha kalekale. Anamutenga tsiku lomwelo, ndipo makasitomala anayamba kulimbirana mpando wake.

Kenako kampani ina inayamba kumunyengerera. Abwana anauza azakhali mosapsatira kuti Zala akachoka, nawonso anyamule chikwama chawo. Anamukwezera malipiro, anamugulira mpando wozungulira, koma iye nkhope ili ndwii.

Azakhali anamukokera pambali. "Mwana wanga, tandiuza, akukulonjeza chiyani kumeneko?"

"Palibe chachilendo, mayi. Kungoti ndatopa. Aliyense amangoloza chithunzi cha pakhoma kuti ndimuluke chomwecho. Ine ndili ndi masitayelo anga, koma palibe wolola kuti ndiyesere pa iye."

Azakhali anamasula duku n'kudziponya pampando wozungulira uja. "Nawu mutu. Loweruka lililonse ndi wako."

Tsoka ilo, Loweruka loyamba linali la ukwati wanga. Ndinawachonderera azakhali mpaka misozi kuti asakalukitse tsiku limenelo, koma ayi ndithu. Anafika kuholo atasenza chinthu chonga dengu, chogwirira chake chomwe, mikanda ili wayawaya. Pakhomo anachita kuwerama. Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa, ine mkwatibwi osandiyang'ana aliyense. Ndinapsa mtima zedi, koma nditawaona akuvina khosi lili chilili kuopa kugwetsa katunduyo, nanenso ndinagwa nako kuseka. Azimayi anawaunjirira, aliyense akufunsa, "Wakulukani ndani?"

Zala sanachoke, ndipo azakhali ntchito akadali nayo. Masiku ano amagona chokhala, atatsamira khoma, kuti asaphwanye luso la mwana wa eni. Ine ndiye ndatsala ndi mlandu kubanja kwa amuna anga, chifukwa pa zithunzi zonse za ukwati apongozi anga sakuoneka. Anaima kumbuyo kwa azakhali.