Bwanamkubwa wa Kuseri kwa Mpanda

Tsiku loyamba ndinawaona mdala oyandikana nane nyumba akuyendera mabini a mumsewu wathu m'tauni ya Lawrence muno, manja kumbuyo. Akuti kwawo ku China mdala ameneyu ankalamulira chigawo cha anthu ambiri kuposa Malawi yense. Pano amalamulira tomato kuseri kwa mpanda wanga. Akalankhula, amadziombera okha m'manja.

Maungu anga atayanga n'kulowa kwawo, anaitanitsa msonkhano, mwana wawo akumasulira. Ati alowa m'chigawo chawo popanda chilolezo, azulidwe.

"Bambo, dzungu silidziwa malire," ndinatero. "Ndiwo zanga zimenezo."

Anaganiza nthawi yaitali, kenako anandisankha kukhala wachiwiri wawo woona za masamba. Maungu a boma sazulidwa.

Kutacha ndinauza aneba kuti, "Wofuna nkhwani adzere ku ofesi. Zopempha pampanda zinatha."