Madontho Ofiira pa Pepala la Eni

Linali pepala limodzi lokha, lachikasu ngati tsamba la fodya, lopindidwa kanayi, lonunkha sopo wa m'dirowa. Amayi anabwera nalo kwathu ku Govan, mumzinda wa Glasgow, atalibisa m'Baibulo, nyengo yozizira ija ndili ndi zaka khumi.

Amayi ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kunali agogo ena achizungu amene mutu unali utasokonekera. Chingelezi anachiiwala, ankangong'ung'udza chinenero china uku akulira. Onse ankati n'Chiayirishi, mpaka anaitana wansembe wochidziwa, koma agogowo sanamvepo kanthu. Amayi zinawadya mumtima. Atapeza pepala lolembedwa pamanjalo m'dirowa ya agogo, analitenga mwakachetechete kuti amalume, omwe ankaphunzira masamu ku yunivesite, alione. Lolemba m'mawa linayenera kubwerera pamalo pake.

Kutulutsa katundu wa wodwala unali mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo chilolezo chathu chokhalira m'dziko muno chinali chomangiriridwa pa ntchito yomweyo. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawiyo ndinkangodabwa kuona amayi akutseka makatani masanasana.

Amalume nawo sankamvapo ngakhale liwu limodzi, koma matama ndiye eee! "Kumva n'kwa chiyani? Tingoona kuti chilembo chilichonse chikubwera kangati, chinenero chidziulula chokha." Loweruka anabwereka mabuku awiri ku laibulale, lina la Chiayirishi, lina la Chimankisi, chinenero cha pachilumba cha Man. Tinakhala patebulo la kukhitchini, mawindo akuchucha madzi, zala zili gwaa, tikukanda pakope timizere towerengera zilembo za m'mabukumo: tinayi toimirira, kachisanu kopingasa. M'Chiayirishi a, i ndi h zinali mbwee, y osaoneka n'komwe. M'Chimankisi y ankangotumphuka mzere uliwonse. Pepala la agogo tinati tiliwonkhetsa mawa, amalume akabweranso.

Mawa lakelo titaweruka kutchalitchi, amayi anatsalira pamsonkhano wa amayi anzawo, amalume n'kuchedwa. Ine kufuna kutamidwa kunandipweteketsa. Ndili ndekha kunyumba, ndinasolola pepala m'Baibulo muja. Zilembo zake zinali zopiringizika, ndinkangoiwala pomwe ndafika, ndiye ndinachita zomwe aphunzitsi ankachita ndi makope athu: ndinatenga bolopeni yofiira, n'kumaika kadontho pamwamba pa y aliyense. Anali ambiri, mayo ine, anali ambiri! Pepala lakalelo linkamwa inki, madontho n'kumakula.

Chitseko chitatseguka ndinakuwa m'Chingelezi changa cha ku Glasgow kuti ndapeza, n'Chimankisi! Amayi anaima ndi jekete lawo lonyowa, maso ali papepala. Sanandimenye. Bola akanandimenya.

"Mwana iwe, wandipha," anangotero, motsitsa mawu.

Amalume atafika anayesa kufufuta, pepala n'kuyamba kunyenyeka. "Ingolitayani, achemwali. Adziwa ndani?"

"Ayi, achimwene. Munthu uja chamutsalira n'chomwechi."

Lolemba amayi anakalipereka m'manja mwa abwana awo, n'kuulula zonse, dzina langa lokha osalitchula. Anawaimitsa ntchito kuti nkhani ifufuzidwe. Patatha milungu itatu anawabwezera, ndi kalata yochenjeza. Ndinamva ndili wamkulu kuti anapezeka mayi wina wodziwa Chimankisi amene anakawawerengera agogo pepalalo, kuti linali pemphero, ndipo kuti agogo ankamalizitsa okha mizere yake. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi, manyazi ndi chimwemwe zimandigwirira pamodzi.

Koma m'milungu itatu ija palibe ankadziwa mathero. Amayi anatsitsa masutikesi awiri pamwamba pa wadiropu, anawapukuta fumbi, n'kuwasiya chitsegukire m'khonde lam'kati. Foni ikalira ankadzidzimuka, chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinaona masutikesi n'kuti basi, tikupita ku holide. Ndinalongedzamo chidole changa ndi kadiresi kosambirira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawakoka amayi mkono, ndikudumphadumpha: "Amayi, tinyamuka liti?"