Magetsi Atathima Abambo Ali Mkati Molankhula

Ndikukumbukira wailesi ya abambo ku Area 23, yakuda, yomangidwa ndi mphira, mlongoti wake waya wa hang'ala. Ena amagula wailesi kuti azimvera nkhani. Yathu inali yobisira nkhani. Abambo akafuna kunena za boma, ngakhale za mtengo wa feteleza chabe, ankayamba akweza wailesi mpaka malata kunjenjemera, kenako n'kumanong'ona. Munali m'zaka za m'ma 2000, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha kalekale, koma uthengawo unali usanafike pakhosi pawo.

Ine ndinali mu Sitandade 7, nditangophunzira za Malamulo Oyendetsera Dziko, ndipo nzeru zinkandiyabwa. Lamulungu lina masana, utsi wa mbaula ya aneba ukulowa pawindo, ndinaganiza zowathandiza.

"Abambo, musamadzivutitse. Malamulo anakupatsani ufulu wolankhula."

Anandiyang'ana ngati ndikuwagulitsa njinga yawo yomwe. Anakweza wailesi.

"Anandipatsa? Pakamwa ndinabadwa napo ku Ntcheu, iwe! Buku lakolo silinandipatse kanthu, linangomanga boma pachingwe ngati galu. Mkulu wanga Yohane naye anali ndi pakamwa. Anangodandaula za khadi la chipani pamsika, ndiye..."

Magetsi anathima.

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Ukali unali utawaiwalitsa kunong'ona, ndipo wailesi itangoti zii, mawu awo anatsala okha, osavala, pabwalo la nyumba za lendi. Azimayi a pampopi analeka kuchapa. Amayi anagwira pakamwa. Dzanja la abambo linali likadali pa wailesi yakufayo.

Anachotsapo dzanjalo. Kenako, mokweza moti ndi alandilodi omwe anamva, anamaliza.

"Anamukweza m'galimoto. Sitinamuike m'manda. Ndi boma linamutenga."

Tinadikira galimoto. Sinabwere. Amene anabwera ndi a Phiri ogulitsa makala, a nyumba yachitatu. Anaima pakhomo, navula chipewa.

"Pepani, achimwene. Wathu anali Samisoni."

Ku koleji ndinasiyira panjira tisanafike pa mutu wa Malamulo, choncho ngati abambo analakwitsa, palibe anandiuza. Masiku ano aliyense amatukwana boma m'minibasi, kondakitala n'kumathirira ndemanga, ndipo ana amati ufulu tinachita kupatsidwa. Ine ndimatukwana nawo, monga nzika yabwino. Koma ndikamaliza ndimasuzumira pawindo, kuona ngati chingwe chija chikadali cholimba.