Mchele wa a Haswell Mtonga

A Haswell Mtonga a ku Chikomeni anali mlimi wa fodya, munthu wonyamula belo yekha anzake akali kufunafuna pogwila. TB inawagwilapo kale, koma anamwa mankhwala mpaka kuchila.

Patapita zaka anayamba kufooka. Akalima mzele umodzi ankakhala pansi, akanyamuka chizungulile. Thupi linatha, khungu linada mpaka m'nkhama, ndipo mchele ankaunyambita m'manja ngati ng'ombe.

Mwamwayi, mudzi wathu susowa madokotala. Apongozi awo anapeza kuti ndi ulesi. A Ezron, mkulu wa mpingo, anapima ndi maso ali patali n'kupeza kachilombo, ngakhale kuti kukiliniki anawayeza kawili osakapeza. Ena anati kudako ndi utsi wa fodya, ngati kuti utsi umalowa mpaka m'nkhama. Kukilinikiko anawapatsa mankhwala a malungo, poti munthu sabwelela chimanjamanja.

Akazi awo, a Faides, anayamba kubisa mchele.

"Atate ake Tionge, mufuna BP ikupheni?"

"Ndipatseniko pang'ono chabe, amayi. Thupi likufuna."

BP imene ankaiopayo inali itatsika kale.

Tsiku lina a Haswell anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenaka anagwa pakhomo osadziwanso munthu. Anawakweza pa kenta, galimoto yonyamula mtedza, mpaka kuchipatala ku boma. Dokotala wamkazi anawaika dilipu, n'kuwayang'ana m'nkhama ndi m'mizele ya m'manja.

"Mchele amaukonda?"

A Faides anayang'ana pansi. "Ndimawabisila."

Dokotala anabaya a Haswell jekeseni msanga, magazi n'kutumiza kukayezedwa. Zotsatila zitabwela anawafotokozela kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwili totulutsa madzi amene amagwiliziza mphamvu, mchele ndi kuthamanga kwa magazi. Tawo tinali titaonongeka, mwina ndi TB ija. Matendawa dzina lake ndi Adisoni.

"Mapilitsi awa ndi a tsiku lililonse, moyo wonse. Mukadwala malungo muonjezele monga ndakuuzilani. Mukamasanza, thamangani kuno."

A Haswell anabwelela kumunda. Belo amanyamula ndi mnzawo tsopano, ndipo sachita nazo manyazi. Chimawavuta ndi ulendo wa ku boma, chifukwa nthawi zina amapeza mapilitsi atha, n'kuuzidwa mwaulemu kuti ayeseko sabata yamawa. Zikatelo a Haswell amapempha matendawo kuti nawonso adikile.

Mwezi watha mbusa wina wodutsa anawauza kuti ataye mapilitsiwo, achila ndi pemphelo. A Haswell anagwada, anapempheleledwa, anathokoza bwinobwino. Atafika kunyumba anapempha madzi, namwa mapilitsi a madzulo.