Mwamuna wa Mayi C

Kumidzi ya m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, chakumunsi kwa Nchalo, mukafunsa za Geresomo Alufandika anthu amakuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, palibe womuposa potchera miono. Chachiwiri, nsanje yake ndi yoti ngakhale tambala atayang'ana mkazi wake kawiri, tsiku lomwelo asanduka ndiwo.

Anabadwira komweko, m'banja la asodzi, ndipo sukulu anaisiyira panjira nkhafi itamukomera kuposa cholembera. Anakwatira Evelesi, mtsikana wa kwa Nyachikadza amene makolo ake anasamukira kumtunda atatopa ndi madzi osefukira. Evelesi ankafunidwa ndi ambiri, ena aphunzitsi, ena a njinga zamoto, koma anasankha msodzi wonunkha utsi wa milamba. Geresomo sanamvetse chifukwa chake mpaka lero. Mumtima ankangoti tsiku lina mkaziyu adzadzidzimuka, n'kuona kuti analakwitsa. N'chifukwa chake wogula nsomba akachedwa pakhomo, Geresomo ankayamba kunola chikwanje chosafuna kunola.

Chaka cha namondwe wa Idai madzi anatenga bwato lake, maukonde ndi mbuzi zomwe. Mwana wawo Glory anali akuyamwa. Evelesi anakapempha ganyu pa esiteti ina ya nthochi ndi mpunga, kumene kapitawo ndiye ankaloza m'mawa uliwonse kuti uyu agwire, uyu abwerere. Anagwirako miyezi yowerengeka, kenaka anangosiya, nyengo isanathe. Geresomo atafunsa, iye anati msana ukumupweteka. Kuyambira pamenepo anakhala munthu wa zii. Mwamunayo anaganiza kuti mkazi waona anthu ovala bwino kuesiteti, ndiye wayamba kumupeputsa. Anagwira maganyu usana wonse mpaka anasemetsa bwato lina, kuti aonetse kuti nayenso ndi mwamuna.

Panapita zaka. Tsiku lina foni ya Evelesi inalira iye akuwamba nsomba, ndipo m'malo moyankha pomwepo anapita nayo kuseri kwa khola. Mawa lake chimodzimodzi. Geresomo anatchera khutu, namva mawu a mwamuna, ofatsa, a munthu wophunzira.

"Amake Glory, ndani ameneyo?"

"Ndi a ku bungwe la amayi."

"Bungwe la amayi lokhala ndi mawu a besi?"

Kuchokera apo Evelesi anayamba kupita ku Nchalo pafupipafupi, akuti kukagulitsa nsomba, koma dengu linkabwera lisanathe ndipo maso ake ankakhala ofiira. Geresomo analeka kudya bwino. Akakhala m'bwato pakati pa namasupuni, ankaona m'maganizo munthu wa mawu ofatsayo: wamtali, wa nsapato zowala, wa m'manja mosalala.

Tsiku lina anabwereka njinga n'kumutsatira chapatali. Evelesi sanalowe mumsika. Anakhotera kuseri kwa holo ya tchalitchi china, ndipo pamenepo, pansi pa mtengo wa nimu, panali mwamuna wa tayi atakhala pabenchi. Geresomo anabisala pa mpanda. Anaona mkazi wake akulankhula, akulankhulabe, mawu ochuluka kuposa onse amene anamuuza iye m'chaka chathunthu. Kenaka Evelesi anayamba kulira, ndipo wa tayiyo anamupatsa botolo la madzi.

Njinga inagwera uko. Geresomo anangozindikira tayi ili m'manja mwake.

"Ndiwe ndani iwe? Mkazi wa mwini ukumuliza chifukwa chiyani?"

"Bambo, pepani, ine ndine Edmund, ndimathandiza maloya..."

M'holomo munatuluka mayi wa magalasi, wamfupi koma wa mawu olamula. Anati dzina lake ndi Priscilla, ndi loya wa Evelesi, ndipo amusiye mnyamatayo msanga anthu asanasonkhane. Anatembenukira kwa Evelesi n'kufunsa ngati akufuna kuti loyayo ndiye amufotokozere mwamuna wake.

"Ayi," anatero Evelesi. "Ndiwauza ndekha."

Anamuuza pobwerera, akuyenda pansi, Geresomo akukankha njinga, dzuwa lili paliwombo. Kapitawo uja anamuitanira ku kanyumba ka pampu, akuti akatenge zida. Anatseka chitseko n'kumugwirira. Atatha anamuuza kuti akangoulula, ntchito yatha, ndipo mwamuna wake akamva kuti anadzipereka yekha. Sanali iye yekha. Amayi angapo a m'midzi yosiyana anakasumira eni esitetiyo kukhothi lalikulu ku Blantyre, chifukwa madandaulo ankawafika koma iwo ankangoyang'ana kumbali. Jaji analamula kuti mayina a amayiwo asatuluke. Pa mlanduwo aliyense anapatsidwa chilembo, ndipo Evelesi anali Mayi C. Mayina enieni ankawadziwa maloya a mbali ziwirizo basi, ndipo anali oletsedwa kuwatchula kunja.

Munthu wina akanagwetsa njinga n'kumugwira mkazi wake dzanja. Koma kwa Geresomo, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake anali akuti:

"Ndiye wa tayi uja anadziwa ine ndisanadziwe?"

"Eya."

"Ndi mayi wa magalasi uja? Ndi jaji wa ku Blantyre? Anthu achilendo onsewo akudziwa za m'nyumba mwanga, ine mwini nyumba ndili mumdima ngati chitsiru?"

Evelesi anaima pakati pa msewu. "Abambo ake Glory, anthu amene aja nditawauza, palibe anandifunsa kuti ndinkafunako chiyani ku kanyumbako. Inu mukanandifunsa."

Geresomo anafuna kukana, koma funsolo linali kale pa lilime lake.

Mlandu wa mtundu umenewu suthamanga. Usanalowe m'bwalo pamakhala zambiri: odandaula apereke madandaulo awo, oyankha ayankhe, mbali zonse zionetsane zimene zili nazo, ayese kukambirana pamaso pa mkhalapakati, akalephera ndiye asonkhanitse umboni wa mboni iliyonse. Tsiku likaikidwa, limasunthidwa. Geresomo anayamba kumuperekeza yekha mkazi wake kuholo kuja. Anthu akanati ndi chikondi, koma iye ankafuna kuona kuti Edmund akhala patali bwanji.

Yankho la eni esiteti litabwera, Priscilla anapempha kuti Geresomo atuluke kaye. Evelesi anati akhale, amve yekha. Yankholo linkati panalibe kugwiririra kulikonse; ngati panachitika kanthu pakati pa kapitawo ndi Mayi C, chinali chibwenzi cha anthu akuluakulu ogwirizana.

"Amayankha choncho kawirikawiri," anatero Priscilla. "Musadabwe nazo. Ndi mawu chabe, ayenera kudzawatsimikiza."

Koma mawu akuti chibwenzi analowa mwa Geresomo ngati minga ya mlamba, imene imathyokera m'kati. Anapirira sabata, kenaka tsiku lina akukonza ukonde pakhonde anafunsa osadzutsa mutu:

"Koma inuyo munamusekererapo?"

Evelesi anasiya mbale imene ankatsuka. Analowa m'nyumba, namanga zovala zake ndi za Glory mu chitenje, napita kwa mkulu wake ku Bangula. Sanakuwe, sanatukwane.

Geresomo anakakhala ku msasa wa asodzi m'kati mwa dambo. Kumeneko nkhani ya amayi a zilembo inali itafika kale kudzera pa wailesi, ndipo amuna ankaisewera ngati bawo, kulotera kuti Mayi A ndi mkazi wa yani, Mayi B ndi wa yani. Wina anati Mayi C ayenera kukhala mkazi wa msodzi mnzawo Petro, poti ndiye ankadzola mafuta onunkhira popita kuganyu. Onse anaseka. Geresomo anamva mtima kutsika kuti sakumuganizira, kenaka anachita manyazi ndi kutsika kwa mtimako. Mkazi wa Petro anali wosalakwa, koma kumuteteza kukanafuna kuti anene zimene akudziwa. Anatola nkhafi n'kukayendera miono imene anali atayendera kale.

Kapitawo uja anali atachoka pa esiteti, akugulitsa simenti ndi malata pa sitolo ina. Geresomo anapita kukamuona. Anaima tsidya la msewu nthawi yaitali. Anayembekeza chilombo, koma anaona bambo wonenepa, wa shati yoyera, akuseka ndi makasitomala. Chimene chinamunyansa kwambiri n'chakuti anadzipeza akudziyerekeza naye: mimba, wotchi, mano. Manja ankamuyabwa. Koma Priscilla anali atamuchenjeza kuti akangomukhudza munthuyo, dera lonse lidziwa kuti Mayi C ndi ndani, ndipo anthu ayamba kuwerenga amene ankagwira naye ntchito mpaka amayi ena onse aululike. Kapitawoyo anamuona n'kukuwa kuti, "Achimwene, malata alipo, bwerani!" Geresomo anatembenuka n'kumapita, mano ali gwa.

Patapita milungu ingapo Priscilla anamuimbira. Anati nthawi yosonkhanitsa umboni yakwana, ndipo akufuna munthu amene anaona mmene Evelesi analili chaka chimenecho. Dzina lake nalonso libisika, poti dzina la mwamuna lingaulule la mkazi.

"Mwini wake wavomera kuti mundifunse?"

"Ndiye watitumiza kwa inu. Akuti palibe wina amene ankamuyang'anitsitsa kuposa inu."

Anapita. Atangoona Edmund akukonzekera kulemba, anati, "Uyu ayi. Lembani inuyo, mayi." Priscilla anamwetulira pang'ono n'kusinthana malo ndi mnyamatayo.

Zinapezeka kuti munthu wansanje ndi mboni yabwino. Geresomo ankakumbukira zonse. Ankakumbukira tsiku limene Evelesi anabwera mpango wake utang'ambika, n'kunena kuti unakodwa pa waya. Ankakumbukira kuti anakasamba ku mtsinje, pamalo a ng'ona pomwe iye mwini ankaletsa ana, ndipo atabwera anasambanso. Majombo a kuntchito anawataya m'chimbudzi ali abwinobwino. Njinga yamoto ikadutsa, ankathawira m'nyumba. Mwamuna wake akamukhudza paphewa mosayembekezera, ankanjenjemera ngati wagwidwa ndi malungo.

"Inu munkaganiza kuti n'chiyani?" anafunsa Priscilla.

"Ndinkati wandinyoza. Ndinkati ali ndi wina."

Zinthu zonsezi anazisunga zaka zambiri ngati umboni womutsutsa mkazi wake, ndipo tsopano, atazinena motsatana pamaso pa munthu wina, anamva yekha zimene zinkatanthauza. Munthu wa chibwenzi sataya majombo. Anapempha madzi, ndipo amene anamupatsa anali Edmund.

Kuchoka apo anakwera minibasi ya ku Bangula. Anapeza Evelesi akupeta mapira pabwalo la mkulu wake. Anakhala pansi, padothi, osadikira mpando.

"Amake Glory, funso lija ndalimeza. Silidzatulukanso."

"Lidzatuluka," anatero Evelesi. "Ndimakudziwani. Koma likadzafika pakhosi, muzidzapita nalo kudambo, mukalifunse kwa mvuu."

Anabwerera kunyumba patatha masiku, pa nthawi imene anafuna yekha.

Eni esiteti anayesanso njira ina. Maloya awo anapempha khothi kuti lichotse lamulo lobisa mayina, akuti sangakonzekere mlandu bwino ngati saloledwa kufunsa anthu m'midzi za khalidwe la amayiwo. Evelesi atamva anati mayina akatuluka iye ausiya mlanduwo, ndipo Glory sangapitenso kusukulu. Tsiku lomva pempholo onse awiri anakwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, ngakhale Priscilla anati palibe chifukwa. Nkhaniyo inakambidwira m'chipinda cha jaji, maloya okhaokha. Iwo anakhala pabenchi panja, motalikirana ndi amayi ena awiri amene Evelesi anawadziwa koma sanawapatse moni. Geresomo anali atavala jekete yobwereka, ndipo mwamuna aliyense wa suti wodutsa ankamuyang'ana ngati wabwera kudzaba.

Priscilla anatuluka dzuwa litapendeka. Jaji anakana pempholo. Anati maloya a esiteti mayina ali nawo kale, ndipo zimene akufuna kufunsa adzafunse m'bwalo, mwini wake ali pomwepo. Mlandu weniweni unaikidwa kuti udzayambe mvula ikatha. Evelesi anagwira dzanja la Priscilla ndi manja awiri n'kuthokoza m'Chisena cha kwawo kuti, "Takhuta." Kenaka anagwiranso la Edmund. Geresomo anawerenga mumtima kutalika kwa moniwo.

Mvula inatha, tsiku linasunthidwanso, ndipo mpaka pano akudikira. Geresomo akutcherabe miono. Kumsasa akayamba zolotera zilembo, iye amayamba nkhani ya mvuu imene inagubuduza bwato la mnzawo Sebastiano, ndipo amaikokera mpaka anthu aiwale zimene amakamba.

Mwezi wathawu Edmund anaimba foni kudzatsanzika, akuti wapeza ntchito ina ku Mzuzu ndipo m'malo mwake mubwera mtsikana. Geresomo anayembekeza kuti asangalala. Koma Evelesi anakhala pakhonde madzulo onse osalankhula, ndipo iye anamuyang'ana, nsanje ikumutafuna ngati kale, podziwa kuti mnyamata uja anamumvera mkazi wake pa nthawi imene iye sakanatha. M'mawa mwake anasankha milamba ikuluikulu pa imene anawamba, naikulunga bwino, napita nayo ku Nchalo kukapereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Blantyre, kuti akapatse Edmund ku ofesi ya maloya asananyamuke.

"Ndinene kuti yachokera kwa ndani?" anafunsa kondakitalayo.

"Ungoti kwa msodzi. Ndipo umuuze kuti ku Mzuzu kuli akazi ambiri, akwatire msanga."